Mwana wa zaka 10 safunika kugona kuhotelo kuti adziwe mpira

Mumzinda wa Westfield, kumpoto kwa Indianapolis m'chigawo cha Indiana ku America, muli malo otchedwa Grand Park. Kukula kwake ndi maekala 400. Pali mabwalo 31 a mpira wamiyendo ndi masewera ena a pa kapinga, komanso mabwalo 26 a baseball ndi softball. Khonsolo ya mzindawo inatsegula malowa mu 2014, ndipo amene amadzaza mabwalowa nthawi zambiri ndi ana. Lachisanu madzulo magalimoto amayamba kufika kuchokera ku Ohio, Illinois, Michigan, Kentucky ndi kutali kuposa apo. Loweruka m'mamawa makolo amakhala atandanda m'mbali mwa bwalo pa mipando yopinda, bokosi la madzi ozizira lili pambali, kamwana kali mtulo m'kangolo kokoka. Timu imasewera kawiri Loweruka, kamodzi Lamlungu m'mawa, ndipo ikachita bwino imalowanso ndime yomaliza masana. Kenako ulendo wa maola anayi kapena asanu kubwerera kunyumba, homuweki ikulembedwera pampando wakumbuyo. Lolemba mwana kusukulu, kholo kuntchito.

Awa ndi matimu amene kumeneko amati travel team kapena club team. Mwana amayesedwa kaye, akasankhidwa kholo limalipira, ndipo timu imasewera pafupifupi chaka chonse ikuyendayenda. Mabanja akwathu amene akulera ana ku South Bend, Dallas, Seattle kapena Washington amakumana nayo nkhaniyi mwana akangoonetsa kaluso pang'ono. Masewera akatha pamabwera kochi wina n'kunena kuti, "Mwana wanuyu akutaya nthawi kuno, mubwere naye ku ma tryout," kutanthauza mayeso osankhira osewera. Ine ndikuona kuti dongosololi lili ndi phindu lenileni kwa mnyamata kapena mtsikana wa zaka 14 kupita m'tsogolo, amene wasankha yekha masewerawo. Koma kwa mwana wa zaka 8, 10 kapena 12 limatenga zambiri kuposa zimene limabweza, ndipo gwero la vutoli lagona pa amene amalipira.

Zabwino zake zilipo, ndipo si zazing'ono. Mwana waluso amakula akamasewera ndi omuposa. Mu ligi ya m'dera, monga za AYSO zimene zinayamba mu 1964 ku California ndi mfundo yoti mwana aliyense azisewera, timu imakumana kamodzi kapena kawiri pa sabata, kochi ndi kholo lodzipereka, ndipo nyengo yake ndi ya miyezi iwiri kapena itatu. Mtsikana wa zaka 15 amene amagoletsa zinayi masewera alionse kumeneko saphunziranso kanthu. Palibe chomukakamiza kucheuka asanalandire mpira kapena kumenya ndi mwendo wamanzere, chifukwa palibe womuthina. Akalowa timu ya ECNL, ligi imene inayamba mu 2009 ya atsikana n'kudzatsegulira anyamata mu 2017, amapeza zokonzekera katatu kapena kanayi pa sabata, kochi wophunzira ntchito yake, ndi otchinga kumbuyo osamupatsa mpata wopuma. Anyamata alinso ndi ligi ya MLS Next, imene inabwera ligi ya Development Academy ya US Soccer, bungwe loyendetsa mpira wamiyendo ku America, itatsekedwa mu Epulo 2020. Ku basketball, makochi a makoleji akuluakulu amathithikana ku mpikisano wa Peach Jam ku North Augusta mwezi wa Julayi. Kochi wa koleji alibe nthawi yoyendera sukulu imodziimodzi, amapita kumene angaone osewera mazanamazana pa masiku atatu. Wachinyamata amene akufunadi kukasewera kukoleji sangaizembe mipikisano imeneyi, ndipo womuuza zosiyana akumunamiza.

Mwana amaphunziranso kulongedza yekha chikwama, kusunga nthawi, kugonja 4-0 m'mawa n'kubwereranso m'bwalo masana mutu uli m'mwamba. Mwana wa banja lobwera, amene kusukulu amaoneka mlendo, kawirikawiri amapeza anzake enieni mutimu. Koma zonsezi zimapezekanso mutimu imene imasewera ndi matimu a pamtunda wa ola limodzi kuchokera pakhomo. Kutalika kwa ulendo sikuwonjezerapo kalikonse.

Tsopano za wolipira uja. M'maiko ambiri kalabu imene yaphunzitsa mwana mpira imayembekezera kudzakolola m'tsogolo. Malamulo a FIFA amati wosewera akagulitsidwa kupita kudziko lina kontirakiti yake isanathe, 5 peresenti ya ndalamazo igawidwe kwa makalabu amene anamuphunzitsa kuyambira ali ndi zaka 12 mpaka 23. Kalabu yotere imafuna kuti mwanayo adzakhale wabwino akadzafika zaka 19, ndipo zoti ana a zaka 11 agonja Loweruka siziisowetsa tulo. Ku America ndalama zimenezi sizinkayenda kwa zaka zambiri. DeAndre Yedlin atagulitsidwa kuchoka ku Seattle Sounders kupita ku Tottenham, kalabu ya ana ya Crossfire imene inamuphunzitsa inachita kukadandaula ku FIFA pofuna gawo lake. MLS, ligi yaikulu ya mpira wamiyendo wa amuna ku America, inadzalengeza mu 2019 kuti iyamba kutsatira dongosololi. Ma akademi ambiri a matimu a MLS salipiritsa, koma ndi ochepa zedi poyerekeza ndi makalabu a ana amene ali mbwee m'dziko lonselo. Ena onsewo amadyera m'thumba la kholo.

Kasitomala akakhala kholo, malonda ake amakhala zimene kholo lingaone ndi maso: chikho, yunifolomu yowala, dzina la timu pamwamba pa ndandanda wa pa intaneti, ulendo wa ku Florida. Kholo silingaone kuti mwana waphunzira kuima cham'mbali polandira mpira kuti aone bwalo lonse. Limaona zigoli. Ndiye kochi amene malipiro ake akudalira kuti makolo alembetsenso chaka chamawa amachita zimene zimapambanitsa ana a zaka 10. Amasankha aataliatali ndi aliwiro, wamphamvu amamuika kumbuyo kuti azingomenyera mpira kutsogolo, waliwiro aziuthamangira. Goloboyi amauzidwa kuti asayerekeze kupatsira mnzake wapafupi, chifukwa akaphonyetsa ndi chigoli chimenecho. Timu imapambana, makolo amaomba m'manja, koma ana sakuphunzira mpira. Akafika zaka 15 anzawo aja akulanso, liwiro lafanana, ndipo mwana amene ankangothamanga amapezeka kuti alibe chida china.

Kasankhidwe kamenekanso kali ndi tsankho limene makolo ambiri salidziwa. Ana amaikidwa m'magulu potengera tsiku lobadwa, ndipo m'gulu limodzi wamkulu amatha kuposa wamng'ono ndi miyezi 11. Pa zaka 9, miyezi 11 imaoneka pa msinkhu ndi pa mphamvu yomenyera mpira. Malire akakhala pa 1 Januwale, monga US Soccer inakhazikitsira mu 2016, obadwa kumayambiriro kwa chaka amachuluka m'matimu apamwamba. Malirewo akasunthidwa kupita ku Ogasiti, mwayi umangosamukira kwa obadwa mu Ogasiti ndi Seputembala. Wamng'ono uja amaponyedwa ku timu yachiwiri, kumene kochi ndi wocheperako luso, ndipo kusiyana kumene kunali kwa miyezi chabe kumasanduka kusiyana kwa maphunziro. Ambiri amangosiya, akuganiza kuti mpira sadziwa.

Ndalama zake tizione. Bungwe la Aspen Institute, kudzera mu ntchito yake ya Project Play, linapeza kuti mu 2024 banja la ku America linkawononga madola 1,016 pa chaka pa masewera amodzi a mwana mmodzi, kukwera ndi 46 peresenti kuchokera mu 2019. M'chiwerengerochi muli ndi ana a ligi zotchipa za m'madera omwe, pamene a matimu oyendayenda amalipira madola masauzande angapo. Fizi imene amakuuzani tsiku losayina ndi chiyambi chabe. Pamwamba pake pamabwera yunifolomu imene makalabu ambiri amasintha pakatha zaka ziwiri, ndalama yolowera mpikisano uliwonse, gawo lanu pa malo ogona ndi chakudya cha kochi, mafuta a galimoto, ndipo m'malo ena kholo limalipira pageti kuti lionere mwana wake yemwe. Palinso lamulo la stay to play. Okonza mpikisano amapereka ndandanda wa mahotelo, ndipo timu imene sinatenge zipinda m'mahotelo amenewo ikhoza kuchotsedwa mumpikisano, chifukwa okonzawo amalandira kangachepe pa chipinda chilichonse. Tiyerekeze kuti chipinda ndi madola 150 usiku umodzi. Kugona kawiri pa mpikisano uliwonse, mipikisano 8 pa chaka, ndi madola 2,400 pa tulo tokha.

Nanga mwanayo wagula chiyani ndi ndalamazi? Ana a zaka 11 ndi 12 amasewera anthu 9 mbali iliyonse, mphindi 30 chigawo chilichonse. Tinene kuti timu ili ndi ana 14 ndipo yasewera katatu. Kochi atagawa nthawi mofanana, aliyense angasewere mphindi pafupifupi 116 pa mphindi 180. Koma polimbirana chikho nthawi sigawidwa mofanana. Mwana wa pabenchi akhoza kulowa mphindi 15 masewera alionse, zonse pamodzi mphindi 45, atakhala maola 8 m'galimoto. Ndipo m'mphindi zimenezo mpira umangomudutsa paphazi kamphindi. Ola limodzi la mpira wa anayianayi papaki ya pafupi ndi nyumba lingamukhudzitse mpira kambirimbiri kuposa ulendo wonsewo, osalipira kanthu.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi thupi la mwana. Mafupa a mwana amakulira kumapeto kwake, pamene pamakhala mbali yofewa yosakhwima, ndipo mitsempha ya minofu imagwirira pa malo ena ofewa omwewo. Mwana akamatalika mofulumira, fupa limakula msanga kuposa minofu, minofuyo imakungika n'kumakoka pofewa paja. Akamathamanga ndi kudumpha tsiku ndi tsiku osapuma, pansi pa bondo pamatuluka kachotupa kowawa, kamene madokotala amati Osgood-Schlatter. Kwa ena chidendene ndicho chimawawa akaponda, vuto lotchedwa Sever. Kuvulala kotere sikuchita phokoso ngati kuthyoka mwendo. Kumayamba ndi ululu masewera atatha, kenako ululu mkati mwa masewera, pomaliza mwana amatsimphina popita kusukulu. Akamaloza ndi chala malo amodzi pafupa, kapena ululu ukamamudzutsa usiku, aleke kusewera n'kukaonana ndi dokotala. Kumumwetsa mankhwala opha ululu kuti amalize mpikisano ndi kuzimitsa chenjezo limene thupi likupereka, pamene chovulalacho chikukulirakulira.

Ku baseball ndi kumene zimenezi zawerengedwa bwino. Kafukufuku wa American Sports Medicine Institute ku Birmingham, Alabama, anatsatira ana oponya mpira 481 kwa zaka 10. Amene ankaponya ma inning (zigawo za masewera a baseball) opitirira 100 pa chaka ankavulala modetsa nkhawa chigongono kapena phewa kuwirikiza katatu ndi theka kuposa anzawo. Opaleshoni ya Tommy John, yoika mtsempha wina m'chigongono, inachitika koyamba mu 1974 pa katswiri wamkulu, koma masiku ano ikuchitika kawirikawiri pa anyamata a kusekondale. N'chifukwa chake ligi yaikulu ya baseball ya MLB ndi bungwe la USA Baseball anatulutsa malangizo a Pitch Smart mu 2014. Wa zaka 9 ndi 10 asaponye kopitirira ka 75 pa tsiku, wa zaka 11 ndi 12 ka 85, ndipo wa zaka 14 kutsika m'munsi akaponya ka 66 kapena kuposa apume masiku 4. Malangizowa ndi abwino, koma amagwa mphwayi pa mwana wosewera matimu awiri. Kochi wa kusukulu amawerenga zake, wa kukalabu zake, wophatikiza palibe. Munthu yekhayo amene amaona masewera onse ndi kholo, choncho kabuku kowerengera kazikhala m'manja mwa kholo.

Kwa atsikana a mpira wamiyendo ndi basketball, choopsa chachikulu ndi kuduka kwa mtsempha wa mkati mwa bondo wotchedwa ACL, kumene kumawagwera kuwirikiza kangapo kuposa anyamata. Nthawi zambiri sipakhala womugunda. Amatera ndi mwendo umodzi bondo litapindikira mkati, kapena amatembenuka mwadzidzidzi phazi litakanirira pa kapinga. Akachitidwa opaleshoni amakhala miyezi 9 mpaka 12 asanabwerere m'bwalo. Njira yochepetsera ngoziyi ilipo, ndipo ndi yaulere. FIFA 11+ ndi ndondomeko yotenthetsera thupi ya mphindi 20: kuthamanga pang'onopang'ono, kulimbitsa pamimba ndi minofu ya kumbuyo kwa ntchafu, kuima ndi mwendo umodzi, kudumpha ndi kutera mawondo atapindika molunjika zala zakuphazi. Itayesedwa ku Norway pa atsikana pafupifupi 1,900 a zaka 13 mpaka 17, kuvulala kunachepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Imafunika kuchitika kosachepera kawiri pa sabata. Kalabu imene ikulandira madola masauzande, koma ana ake amangozungulira bwalo kawiri n'kuyamba kumenya kugolo, ilibe chowiringula.

Bungwe la madokotala a ana la American Academy of Pediatrics linapereka malire omveka mu 2016. Mwana akhale ndi tsiku limodzi kapena awiri pa sabata opanda masewerawo, apume miyezi itatu pa chaka yogawidwa mwezi umodziumodzi, ndipo asatsekeredwe m'masewera amtundu umodzi mpaka zaka 15 kapena 16. Kafukufuku wa Dr Neeru Jayanthi ndi anzake anabweretsa muyeso wina wosavuta kukumbukira: maola a masewera okonzedwa pa sabata asapitirire zaka za mwana. Wa zaka 10, maola 10, kuphatikiza zokonzekera, masewera ndi kochi wapadera. Kalendala ya makalabu ambiri siipereka mpata umenewu. Ligi imayenda Ogasiti mpaka Novembala, nthawi yachisanu kuli mpira wa m'nyumba, Malichi ligi ina yayamba, Meyi kapena Juni ma tryout, tchuthi chachikulu makampu. Mwana akajomba amaopa kutaya malo.

Nyambo yaikulu ndi sikolashipu. Malinga ndi NCAA, bungwe loyendetsa masewera m'makoleji, pa ophunzira 100 osewera kusekondale ndi awiri okha amene amalandira thandizo la fizi chifukwa cha masewera, ndipo ambiri mwa iwo amalandira gawo chabe. Makoleji a Division III, gulu lachitatu la NCAA, sapereka sikolashipu ya masewera, a Ivy League, gulu la makoleji otchuka ngati Harvard, nawonso ayi. Kwa zaka zambiri timu ya amuna ya mpira wamiyendo mu Division I, gulu lapamwamba, inkaloledwa masikolashipu 9.9 ogawana osewera pafupifupi 30, ndipo ya baseball 11.7. Mu 2025, mlandu wa House, umene osewera anasumira NCAA pa nkhani ya malipiro, utathetsedwa pogwirizana, makoleji amene analowa m'mgwirizanowo anasiya malire amenewa n'kutenga malire a chiwerengero cha osewera, 28 pa mpira wamiyendo. Komabe palibe chokakamiza koleji kulipirira onsewo, ndipo malo omwewo akulimbiranidwanso ndi anyamata ochokera ku England, Germany, Ghana ndi maiko ena. Banja lotulutsa madola 5,000 pa chaka kwa zaka 10 latulutsa madola 50,000. Ndalama imeneyo ikanaikidwa mu akaunti ya 529, yosungiramo fizi ya kukoleji, ikanakhala thandizo losadalira bondo la mwana kapena maso a kochi. Amene akulipira chifukwa mwana amakonda mpira ndipo banja likukwanitsa, alipire ndi mtima umodzi. Amene akutenga ngongole poganiza kuti idzabwerera kudzera kukoleji, masamu ake sakutuluka.

Ndiye pali ana amene safika n'komwe pa ma tryout. Bungwe la zaumoyo la CDC linapeza kuti mu 2020, pa ana a zaka 6 mpaka 17 a m'mabanja osauka kwambiri, 31 pa 100 alionse ndi amene ankachita nawo masewera, pamene m'mabanja opeza bwino kwambiri anali 70 pa 100. Matimu oyendayenda sanayambitse okha kusiyanaku, koma amakukulitsa. Ana aluso akachoka mu ligi ya m'dera amapita ndi makolo awo, omwe aja ankaphunzitsa timu, kujambula mizere m'bwalo ndi kunyamula ana a anzawo. Ligi imatsala yofooka, matimu amachepa, ndipo wotsalayo amamva ngati ali kumalo a olephera. Makalabu ena amachotsera fizi ana osowa, koma hotelo, mafuta ndi Loweruka losapita kuntchito zimatsalirabe kholo. Clint Dempsey, mmodzi mwa awiri amene anagoletsa kwambiri m'timu ya amuna ya dziko la America, ankayenda maola atatu kuchokera ku Nacogdoches kupita ku Dallas kukatrena, ndipo nthawi ina anaimitsidwa kaye chifukwa ndalama za banja sizinkakwanira. Temwa Chawinga, amene anagoletsa zigoli 20 mu 2024 ku Kansas City Current n'kuphwanya mbiri ya NWSL, ligi yaikulu ya mpira wa amayi ku America, anakulira ku Rumphi n'kudzera ku Sweden ndi China. Mtsikana wa luso lomwelo, wobadwira m'banja losowa ku Kansas City komweko, akanayamba wafunsidwa fizi. Amene akuganiza zotsegula ma akademi olipiritsa kwathu aiganizire mfundo imeneyi asanakopere dongosolo la ku America.

Wina anena kuti m'mera mpoyamba, mwana akachedwa anzake amusiya. Mantha amenewa ndi amene amadzaza mahotelo, ndipo sindikuwapeputsa, chifukwa kholo limodzi silingasinthe dongosolo lonse palokha. Pa masewera ngati gymnastics, kumene akatswiri amafika pachimake asanakule, kuyamba msanga n'kofunikadi. Pa mpira umboni ukunena zina. Arne Güllich, Brooke Macnamara ndi David Hambrick anasonkhanitsa kafukufuku 51 wokhudza osewera oposa 6,000. Anapeza kuti amene anadzafika pamwamba padziko lonse atakula ankasewera masewera osiyanasiyana ali ana, anayamba mochedwerapo masewera awo enieni, ndipo ankakwera pang'onopang'ono poyerekeza ndi amene anathera pa mlingo wa m'dziko mwawo. Amene ankawala msanga paubwana anali ndi mbiri yosiyana ndi imeneyi. Mwana akonde mpira msanga ndithu, aziusewera tsiku lililonse ngati akufuna. Chimene chilibe maziko ndi kusefa ana a zaka 8 n'kuwatsekera m'masewera amodzi.

Norway, dziko la anthu pafupifupi 5.5 miliyoni, inakhazikitsa mfundo za ufulu wa ana pa masewera mu 1987. Ana osafika zaka 11 saikidwa pa ndandanda wa amene aposa anzawo, ndipo mpikisano wa dziko lonse suloledwa asanafike zaka 13. Dziko lomweli linatenga mamendulo 39 pa Olympics ya nyengo yozizira ya 2018 ku PyeongChang, kuposa dziko lina lililonse. Erling Haaland anakulira ku Bryne m'gulu la ana pafupifupi 40 limene silinkachotsa aliyense. Norway ndi yaing'ono ndiponso yolemera, ndipo ndalama za lotale zimathandiza kumanga mabwalo, choncho si zonse zingatengedwe. Koma kuletsa chikho cha dziko lonse kwa ana a zaka 9 sikulira ndalama iliyonse. Mabungwe a masewera ku America angachite zimenezi mawa, kungoti ena amene amadyera pa mipikisanoyo angatsutse.

Mwana akafika msinkhu woti aziyendadi, nkhani ya chitetezo isasiyidwe m'manja mwa kalabu yokha. Nkhanza za dokotala Larry Nassar kwa atsikana a gymnastics zitaululika, dziko la America linakhazikitsa lamulo mu 2018 lopatsa mphamvu U.S. Center for SafeSport, bungwe loteteza osewera ku nkhanza. Mfundo zake ndi zomveka. Wamkulu asakhale yekha ndi mwana pamalo pamene ena sangaone, kochi asagone chipinda chimodzi ndi mwana amene si wake, ndipo uthenga wa pafoni wopita kwa mwana uzionedwanso ndi kholo kapena wamkulu wina. Makalabu ena odziimira paokha sali pansi pa mabungwe otsatira mfundozi, ndiye funsani ngati makochi anafufuzidwa mbiri yawo. Makolo ogwira ntchito za mashifiti kumapeto kwa sabata, monga anthu akwathu ambiri a m'zipatala ndi m'nyumba zosamalira okalamba, amakakamizika kutumiza mwana ndi banja lina. Dziwani dzina la woyendetsa galimoto, nambala ya chipinda ndi amene agone momwemo, ndipo mwana akhale ndi foni yoti akuimbireni nthawi iliyonse.

Kholo limene lalandira kalata yoti mwana wasankhidwa lisasayine tsiku lomwelo, ngakhale makalabu amakonda kupereka tsiku limodzi kapena awiri okha kuti muyankhe. Pemphani pepala la ndalama zonse za chaka, lokhala ndi mipikisano yonse ndi mizinda yake, ndipo muwerenge zimene kontirakiti ikunena mwana akavulala kapena akasiya pakati pa chaka, chifukwa ambiri sabweza kalikonse. Pitani mukaonere zokonzekera kawiri musanalipire. Werengani mipira: ngati ana 14 akugawana mipira itatu ndipo aima pamzere kudikira, mwana wanu adzaphunzira kudikira. Onani ngati kochi amalankhula ndi mwana wa pabenchi, ndiponso zimene amachita goloboyi akalakwitsa. Funsani kuti pa masewera amodzi pali zokonzekera zingati. Ziwiri kapena zitatu ndi bwino, koma masewera akachuluka kuposa zokonzekera, nthawi yokonza zolakwika imasowa. Funsaninso ngati pali lonjezo lolembedwa la mphindi zimene mwana aliyense azisewera, theka la masewera kwa ana osapitirira zaka 12, komanso ngati mwana angaloledwe kupuma mwezi kapena kusewera basketball nthawi yachisanu osalandidwa malo. Mwanayo mumufunse ali yekha, kochi palibe, ndipo mudzamufunsenso pakatha miyezi itatu. Akayamba kudwala m'mimba tsiku lililonse la zokonzekera, kapena kukhala chete m'galimoto pobwerera, akukuyankhani.

Mawu oti showcase, kutanthauza mpikisano woonetsa osewera kwa makochi a makoleji, asakuthamangitseni. Pa mpira wamiyendo, malamulo a NCAA salola makochi a Division I kuyamba kulankhula ndi wosewera asanafike 15 Juni wa chaka chimene wamaliza giredi 10, pamene ana ambiri amakhala ndi zaka 16. Ulendo wa pandege wokaonetsa mwana wa zaka 15 kapena 16 uli ndi tanthauzo, makamaka ngati iye mwini walembera kale makochiwo n'kuwatumizira kanema ndi ndandanda wa masewera ake. Pa mpikisano wa ana a zaka 11 sipakhala kochi wa koleji wodzasankha aliyense, ndipo oonerera m'mbali mwa bwalo amakhala makolo omwe alipira aja.